MASHOKO A GALIMOTO YAKALE: PHUNZIRO LA KU MAKUZI

Gawo lachinayi la nkhani za galimoto zakale

M'gawo lapita lija tidakambirana za mabuleki, ndipo tidagwirizana kuti mwini galimoto amene amanyalanyaza mabuleki amadzikumbira yekha manda. Lero tikutengerani ku mpoto, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuti tikaone chida china chimene eni galimoto ambiri sachilabadira kufikira tsiku limene chawagwetsera m'ngalande. Chidachi Angerezi amachitcha shock absorber, koma amakaniko athu, posafuna kudziluma lilime, amangoti shoko, akachuluka n'kumati mashoko.

Dziko la kondoole ndi machona

Makuzi ali kumwera pang'ono kwa Chintheche, pafupi ndi Bandawe, kumene amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi Dr Robert Laws adakhazikika mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, ndipo likulu lawo lidakhala kumeneko mpaka mu 1894 pamene adalisamutsira ku Khondowe. Manda a ena mwa amishoniwo akadalipo pa Makuzi mpaka lero. Sukulu za mishoni zidatulutsa anthu odziwa kuwerenga ndi kulemba pa nthawi imene ntchito zidali zosowa m'dziko muno, n'chifukwa chake Atonga ambiri adalowera kumwera, ku migodi ndi m'mizinda ya maiko amene lero ndi Zimbabwe ndi South Africa. Mmodzi wa iwo adali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene mu 1919 adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town. Ena adatchona, koma amene adabwerera adadza ndi njinga, makina osokera ndi magalamafoni, ndipo owerengeka adadza ndi chuma chimene mbala singabe, ndicho luso la m'manja.

Msewu waukulu wa M5 umene umatsata nyanja ndi wa phula, koma munthu akangopatuka kulowera kugombe kapena kumtunda, amakumana ndi mchenga, miyala, ngalande zokumbidwa ndi madzi, ndiponso timizere tija timene timakhala ngati malata a padenga. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma amene amalandira mvula yambiri m'Malawi, choncho chitsulo chimene chingakhale zaka zambiri ku Mzimba chosadwala, kuno dzimbiri limachidya msanga.

Usiku wa mvula

M'mudzi wina wa kufupi ndi Makuzi muli mkulu wina amene anthu amangomuitana kuti Ada, monga mwa ulemu wa Chitonga. Mkuluyu adagwira ntchito ya umakaniko ku Bulawayo zaka zambiri, ndipo atabwerera kumudzi adagula pa okishoni Land Rover ya mtundu wa Series IIA, yaifupi ija ya mainchesi 88, ndiko kuti pafupifupi mamita 2.2 kuchokera pa wilo lakutsogolo kufika pa lakumbuyo. Nyali zake zili pafupipafupi pakati pa mphumi, chizindikiro chakuti idapangidwa chisanathe chaka cha 1969, pamene kampani idali itasamutsira nyalizo kumbali.

Galimoto ya mtunduwu idaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu Epulo 1948, ndipo inkapangidwa ku Solihull m'dziko la England. Series II idatuluka mu 1958, Series IIA mu 1961, ndipo Series III idapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Thupi lake ndi la aluminiyamu, motero silichita dzimbiri, koma chasisi chake n'chachitsulo, ndipo m'menemo ndimo mumabisala matenda.

Masiku ano maso a Ada adafooka, kotero amayendetsa galimotoyo ndi mdzukulu wawo. Imanyamula usipa, chinangwa, njerwa ndi akwaya, koma ntchito yake yaikulu, imene mudzi wonse umaiwerengera, ndiyo kuthamangira ku chipatala cha Chintheche usiku munthu akadwala mwadzidzidzi. Usiku wina wa mvula mnyamatayo adatenga mayi wina amene nthawi yake yochira idakwana, pamodzi ndi azimayi awiri omuperekeza. Atafika pa timizere tija adawonjezako liwiro, ndipo pokhota galimoto idayamba kudumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi njuchi, kumbuyo kwake n'kutsetserekera kumbali mpaka mawilo awiri adalowa m'ngalande. Mwamwayi palibe adavulala. Anthu a m'nyumba zoyandikana adadzuka n'kuikankha, ndipo mayiyo adakachirira kuchipatala, koma adafikako mochedwa ndi ola lathunthu, ola limene likadatha kutenga miyoyo iwiri.

Kutacha mnyamata adaloza chala matayala, kenaka chiwongolero, kenaka mvula. Ada sadatsutse. Adangomuuza kuti ayendetse galimotoyo mpaka ku msewu waukulu ndi kubwerako, ndipo itaima adagwada nakhudza shoko iliyonse ndi kuseri kwa dzanja. Imodzi yokha ndiyo idali yofunda, zitatu zidali zozizira ngati mwala wa m'madzi.

"Agogo, mashoko amenewa ndagula chaka chomwe chino," adatero mnyamata.

"Udagula penti, mdzukulu wanga," adayankha Ada. "Shoko yamoyo imatuluka thukuta."

Ife tidali komweko masiku amene ntchito yosintha mashokowo idagwiridwa, pansi pa mtengo wa mango, ndipo zimene tidaona ndi kumva ndizo tikufuna kugawana nanu.

Kodi shoko imagwira ntchito yanji?

Anthu ambiri amaganiza kuti shoko ndiyo imasenza galimoto. Ayi ndithu. Katundu yense amasenzedwa ndi masipuling'i, amene pa Land Rover yakale ndi zitsulo zazitali zosanjikizana. Wilo likagunda mwala, sipuling'i imapindika n'kulandira nkhonyayo, koma khalidwe lake n'lakuti chimene yalandira imabwezera. Ikawongoka imaponya galimoto m'mwamba, galimoto potsika imaipindanso, ndipo gule ameneyu amapitirira ngati palibe womuletsa. Woletsayo ndiye shoko.

M'kati mwa shoko muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo ndi timavavu. Shoko ikamafupika ndi kutalika, oyilo amakakamizidwa kudutsa m'timabowoto, ndipo poti njira njopapatiza, kuyendako kumachedwa. Yerekezani munthu woyenda m'nyanja madzi ali m'chiuno: akamayenda pang'onopang'ono savutika, koma akafuna kuthamanga madzi amamukaniza. Mphamvu imene ikadadumphitsa galimoto imasanduka kutentha, n'chifukwa chake shoko yogwira ntchito imafunda, ndipo n'chifukwa chake Ada adaikhudza.

Tsono mfundo yaikulu nayi. Tayala limawongolera ndi kuimitsa galimoto pokhapokha ngati lagunda pansi. Likakhala m'malere, ngakhale kwa kamphindi, chiwongolero ndi mabuleki zimakhala zopanda ntchito. Pa timizere ta msewu wafumbi wilo lopanda shoko limakhala likudumpha kosalekeza, ndipo pokhota palibe chogwira galimoto kuti isapite kumene kulemera kwake kukuikokera. Choncho shoko si chida chongosangalatsa msana wa wokwera, koma ndi mnzake wa buleki.

Galimoto zoyambirira zidali ndi mashoko opanda oyilo, a timbale tokhulana tomangidwa ndi bawuti. Pambuyo pake padadza a oyilo okhala ndi mkono, kenaka aatali onga mpope wa njinga amene tikuwadziwa lerowa. Mu 1953 Mfalansa wina, Christian Bourcier de Carbon, adayamba kupanga shoko yokhala ndi mpweya wopanikizidwa, umene umaletsa oyilo kuchita thovu akatentha, ndipo mu 1957 kampani ya Mercedes-Benz idayamba kumanga mashoko otere, opangidwa ndi Bilstein, pa galimoto zake.

Zizindikiro za shoko yakufa

Shoko siifa tsiku limodzi. Imafooka pang'onopang'ono, ndipo dalaivala amazolowera osadziwa, monga munthu sazindikira kukula kwa mwana amene amamuona tsiku ndi tsiku. Komabe zizindikiro zilipo. Oyilo wochucha pathupi la shoko, amene fumbi lamatirirapo, ndi umboni wakuti mphira wotseka pakamwa watha. Tayala lodyeka mwa zigambazigamba, pena pokumbika pena potukuka, limaulula kuti lakhala likudumpha. Galimoto imene imagwada kwambiri pomanga buleki, kapena kupendama ngati bwato la pa mwera pokhota, ikupempha thandizo. Phokoso logogoda pansi nthawi zambiri limachokera ku mabushi a mphira amene atha.

Pali mayeso odziwika akuti munthu atsindikize ngodya ya galimoto ndi mphamvu n'kuisiya: ikakwera n'kukhazikika, shoko ili bwino, koma ikapitiriza kuvina, yafa. Ada adatichenjeza kuti mayesowa amanamiza pa galimoto ya masipuling'i osanjikizana, chifukwa zitsulozo zimakhulana zokhazokha, makamaka zikachita dzimbiri, ndipo galimoto imaima msanga ngakhale shoko ili yopanda kanthu m'mimba. Mayeso osanama ndi kuichotsa, kuiimika chilili, n'kuikoka ndi kuikankha ndi manja. Yamoyo imakaniza ulendo wonse, makamaka poikoka. Zitatu zija zinkalowa ndi kutuluka ngati mpeni m'chimake.

Pogula

Mashoko akufawo mnyamata adawagula kwa wogulitsa wina wa m'tauni, amene adawatsuka, kuwapaka penti yakuda, n'kuwatcha atsopano. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sitikunena kuti zipangizo zonse zogwirapo kale ntchito n'zoipa, pakuti galimoto zambiri m'dziko muno zikuyenda chifukwa cha misika ngati wa Ndirande, koma shoko ndi chida chimene ukalamba wake suoneka kunja. Wogula aiyese ndi manja ake asanatulutse ndalama.

Malamulo ogulira ndi atatu. Loyamba, mashoko amasinthidwa awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse, pakuti yatsopano kumanja ndi yotopa kumanzere zimapangitsa galimoto kutsimphina. Lachiwiri, utali ukhale woyenera. Yaifupi kwambiri imakokedwa mpaka kuzula pomangira, yaitali kwambiri imagunda pansi pake n'kuphwanya mavavu. Akutsogolo ndi akumbuyo safanana, ndiponso akumbuyo a Land Rover yaitali ya mainchesi 109 amamangidwa mosiyana ndi a yaifupi. Tengani shoko yakale popita kusitolo. Lachitatu, gulani mabushi ndi timapini tatsopano. Pa galimoto ya Ada shoko iliyonse ili ndi diso kumwamba ndi diso kumunsi, ndipo m'diso lililonse mumalowa mabushi awiri osongoka, kutanthauza mabushi 16 pa mashoko anayi.

Mphira si chinthu chachilendo kwa anthu a kuno, pakuti aliyense wopita ku Nkhata Bay amadutsa m'munda wa Vizara, kumene ana amagulitsa mipira ya mphira m'mbali mwa msewu. Koma bushi yodula ku tayala lakale, imene ambiri amaikonda chifukwa chotchipa, ndi yongofikitsa munthu kunyumba, si yokhalitsa.

Moyo choyamba

Ntchito idayamba madzulo a tsiku loyamba, osati ndi sipana koma ndi bulashi ya waya ndi kabotolo ka dizilo. Mnyamata adapala matope ndi dzimbiri pa nati iliyonse, n'kudonthezerapo dizilo kuti alowerere usiku wonse. Adafuna kuyamba kumasula pomwepo, koma agogo ake adamukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bawuti yothyokera m'chasisi imasandutsa ntchito ya m'mawa umodzi kukhala ya sabata, ndipo kuno wowotcherera zitsulo sakhala pakhomo.

M'mawa mwake adasankha malo athyathyathya ndi olimba. Nthaka ya kunyanja ndi yamchenga, ndipo jeke imamira kapena kupendama, choncho pansi pake adayalapo thabwa lochindikala. Apa tikupempha owerenga athu amvetsetse: munthu asalowetse mutu kapena mkono pansi pa galimoto imene yakhalira jeke yokha. Galimotoyi imalemera kuposa tani imodzi. Payenera kukhala zochirikiza zachitsulo, kapena zipika za mtengo wolimba zodulidwa bwino, zoikidwa pansi pa chasisi. Njerwa ayi, pakuti zimaphwanyika mosachenjeza.

Pali msampha wina wa Land Rover yakale umene wavulaza osadziwa. Handibuleki yake siigwira mawilo, koma imagwira shafuti kuseri kwa giyabokosi. Wilo limodzi lakumbuyo likangonyamuka, difu imalola linzake kugubuduka, ndipo galimoto imatha kutsika pa jeke handibuleki ili chimangire. N'chifukwa chake Ada adalamula kuti mawilo otsala pansi apingidwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Manati a wilo adawagwedeza galimoto ikadali pansi, kenaka adaikweza, kuichirikiza, kuchotsa wilo n'kuligoneka pansi pa chasisi ngati mlonda wachiwiri. Jeke adaisiya pansi pa ekiselo kuti azitha kuikweza ndi kuitsitsa.

Kuchotsa yakale

Kumunsi, diso la shoko limavala chitsulo chotuluka pa mbale yomangira sipuling'i, ndipo limatsekedwa ndi washala yaikulu ndi kapini ka miyendo iwiri kamene amakaniko amakatcha split pin. Pa galimotoyi, m'malo mwa kapini pena padali msomali wopinda. Ada adapukusa mutu. Msomali ndi wofewa ndipo sudzaza bowo, motero umadyeka mpaka kuduka, shoko n'kuvuka ulendo uli m'kati.

Mnyamata adawongola miyendo ya kapini ndi pulayala, kukasolola, kuchotsa washala ndi bushi yakunja. Kumwamba kuli bawuti yaitali yodutsa m'chasisi, yofuna masipana awiri, ina yogwira mutu ina yomasula nati. Apa napo pali chenjezo: manati a galimotoyi adapimidwa m'mainchesi, ena mwa muyeso wakale wa Whitworth, ndipo sipana ya mamilimita imaoneka ngati yakwana koma imangodya ngodya za nati mpaka kuisandutsa yobulungira. Ada adatulutsa m'kabokosi kawo masipana amene adabwera nawo kuchokera ku Bulawayo, okutidwa m'nsanza ya mafuta.

Manati atatu adamvera. Yachinayi idakana, ndipo adaigogoda m'mbali ndi hamala, chitsulo china chitatsamira kuseri kwake, kuti dzimbiri lisweke, n'kuthiranso dizilo, n'kupita kukadya kondoole. Pobwerako idamasuka. Wina mwa oonerera adati aiotche ndi moto, koma Ada adakana, pakuti pafupi pali mapaipi a mabuleki ndi a petulo, ndiponso shoko ikatenthedwa imatha kuphulika. Pa chifukwa chomwechi shoko yakale isaponyedwe pamoto wa zinyalala.

Shoko itachoka, mkulu uja sadafulumire kumanga yatsopano. Adagogoda chasisi mozungulira pomangira, akumvetsera. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimayankha mogonthera. Kumanga shoko yamphamvu pa chitsulo chowola n'chimodzimodzi kumangirira ng'ombe pa phesi. Adayang'ananso paipi ya mphira ya buleki, kuti ekiselo potsika isaikoke, ndi malamba akumbuyo amene amaletsa ekiselo kutsika mopitirira.

Kumanga yatsopano

Shoko ya oyilo imene yagona chammbali pa shelefu miyezi yambiri imakhala ndi mpweya pamalo pa oyilo. Choncho isanamangidwe iyenera kuimikidwa mutu m'mwamba n'kupopedwa kangapo, kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, kufikira kukaniza kwake kutakhala kofanana ulendo wonse. Ikatero isagonekedwenso. Ya mpweya wopanikizidwa imadzitalikitsa yokha, ndipo imabwera yomangidwa ndi kalamba, kamene sikayenera kudulidwa diso lakumwamba lisanalowe m'malo mwake.

Mnyamata adapala chitsulo chakumunsi ndi sandipepala mpaka kuwala, navala bushi yoyamba, mbali yosongoka italoza kudiso la shoko. Pofuna kuti mphira aterere adatambasulira dzanja ku chitini cha girizi, koma agogo ake adamumenya pang'ono ndi ndodo pa mkono. Girizi ndi oyilo zimafewetsa ndi kuwoletsa mphira. Chofunika ndi madzi a sopo, amene amaterera pomanga, kenaka n'kuuma. Girizi malo ake ndi pa thunthu la bawuti yakumwamba, pang'ono chabe, kuti womasula wa mtsogolo asadzatukwane.

Adayamba ndi kumwamba, kulowetsa bawuti ndi kumanga nati ndi zala zokha. Kenaka adakweza ekiselo ndi jeke pang'onopang'ono mpaka diso lakumunsi litayang'anizana ndi chitsulo chake, n'kulikankhira. Tsono apa ndi pamene aliyense wodziwa Land Rover yakale amamwetulira, chifukwa mabushi atsopano ndi onenepa, ndipo washala ikavala imaphimba bowo la kapini. Mphirayo ayenera kupanikizidwa kuti bowo lionekere. Ambiri akafika pano amataya mtima n'kusenga bushi ndi mpeni, kapena kusiya washala, osadziwa kuti kuthinako ndiko kumaletsa shoko kugogoda.

Ada adali ndi njira yawo. Adatenga kachidutswa ka paipi kamene adakacheka mpata kumapeto, nakaika pa washala, n'kukapanikiza ndi chopanira cha kalipentala chimene adabwereka kwa wokhoma mabwato. Mnyamata ankapotokola chopanira, mnzake akusuzumira mumpata uja, ndipo bowo litangoonekera adalowetsa kapini n'kutambasula miyendo yake. Mutu umodzi susenza denga: ntchito imeneyi njofuna anthu awiri. Shoko yoyamba idawatengera maola awiri, koma yachinayi sidathe ndi theka la ola lomwe.

Chotsiriza n'chimene ambiri amachiphonya. Manati akumwamba samangitsidwa galimoto ili m'malere. Adabwezera mawilo, kuitsitsa pansi, kuigwedeza kangapo kuti ikhazikike, ndipo pamenepo ndi pamene adamangitsa. Chifukwa chake n'chakuti mphira akapanikizidwa ekiselo ili yolendewera, galimoto potsika imamupotokola, ndipo amakhala wopotoka moyo wake wonse mpaka kung'ambika nthawi isanakwane. Pomangitsa, nati ifike pothina bwino, osati kudumphira pa sipana ndi phazi. Manati a mawilo adawabwerezanso, ndipo Ada adalamula kuti pakatha sabata zonse ziyang'anidwenso.

Si galimoto zonse zofanana

Tisanatseke, tichenjeze amene ali ndi galimoto zakale za mitundu ina kuti asatengere zonse zimene tafotokozazi. Peugeot 404, imene idapangidwa ku France kuyambira 1960 mpaka 1975 ndipo ku Kenya idapitirira mpaka 1991, idatchuka mu Africa muno chifukwa cha kupirira kwake pa misewu yoipa, ndipo idapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Kutsogolo kwake shoko ili m'kati mwa mwendo umene wasenza sipuling'i yozungulira, mwa dongosolo lotchedwa ndi dzina la Earle MacPherson. Sipuling'i imeneyo imakhala yopanikizidwa ndi mphamvu yoopsa, ndipo womasula nati yapamwamba popanda chida chake chopanira akhoza kutaya zala, nsagwada kapena moyo. Chingwe kapena waya sizilowa m'malo mwa chidacho. Amene alibe, apite nayo kugalaja.

Morris Minor, imene idapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971, ili ndi mashoko a mkono aja. Amenewa ali ndi kachitseko kothirira oyilo, ndipo nthawi zina amene akuoneka akufa amangokhala ndi ludzu. Koma kutsogolo mkono wa shoko ndi umenenso umagwira wilo kumwamba, choncho woumasula ayenera kuyamba wachirikiza mkono wakumunsi ndi jeke. Safunsa adadya phula: musanagwire galimoto imene simukuidziwa, funsani amene adaigwirapo.

Mtengo wa kuchedwa

Ena adzati mashoko ndi okwera mtengo, ndipo sitikutsutsa. Ndalama zogulira anayi aja zidasonkhedwa ndi mabanja angapo, ena adapereka atagulitsa usipa. Koma wowerengera bwino adzaona kuti shoko yakufa imadya matayala, imathyola zitsulo za sipuling'i, imamasula mabawuti, imaphwanya mazira ndi tomato asanafike kumsika, ndipo ikhoza kulepheretsa galimoto kulandira chiphaso cha COF. Pamwamba pa zonsezi pali chimene chilibe mtengo, ndicho anthu okhala kumbuyo kuja amene adaika moyo wawo m'manja mwa dalaivala.

Dzuwa litapendeka, mnyamata adaliza injini, agogo ake atakhala pambali, ndipo adalunjika pa timizere tomwe tija. Galimoto idanjenjemera monga mwa chikhalidwe chake, pakuti Land Rover yakale siidzasanduka mphasa, koma pokhota paja kumbuyo kwake kudatsata kutsogolo mokhulupirika. Atabwerera Ada adatsika, nagwada, nakhudza mashoko onse anayi, kenaka adagwira dzanja la mdzukulu wawo n'kulikhudzitsa pa iliyonse.

"Yafunda, Agogo," adatero mnyamata.

"Uzichita chomwechi mwezi uliwonse, ngakhale ine kulibe," adayankha mkuluyo, akukulunga masipana aja m'nsanza yake. Tidaona kuti kabokosiko sadakabwezere m'chipinda chawo, koma adakapereka kwa mnyamatayo.

Lamulungu lotsatira galimoto idanyamula anthu opita kutchalitchi ku Bandawe, ndipo pampando wakutsogolo padakhala mayi uja, khanda lake lili pamiyendo.

M'gawo lotsatira tidzakambirana za masipuling'i osanjikizana: m'mene tingadziwire kuti atopa, kasamalidwe kake, ndi chifukwa chake galimoto zambiri zakale zimayenda mopendamira mbali imodzi. Musaphonye.